Mazira Atatu a Pinta

Zoila anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ndi Ababa ake, a Eliseo. Ankakhalanso ndi mlongo wake wamng'ono, Tino. Nyumba yawo inali m'mbali mwa mtsinje, kunja kwa tauni ya Rivas.

Zoila ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna anapiye.

Amayi anali kutali. Anapita ku dziko la Costa Rica kukathyola khofi. Chaka ndi chaka anthu a m'mudzimo ankapita. Chaka chino Amayi anapita nawo.

Tsiku lonyamuka, Amayi anagwira thadzi lawo. Linali thadzi la mawangamawanga. Dzina lake linali Pinta. Amayi anamuika Pinta m'manja mwa Zoila.

"Uyu ndi wako tsopano," anatero Amayi. "Umusamale. Ndikadzabwera, ndidzapeze anapiye."

"Mudzawapeza, Amayi."

"Angati?"

"Ambirimbiri!"

Basi inabwera. Basi inapita. Fumbi lokha linatsala. Zoila anamukumbatira Pinta kwambiri. Pinta anadandaula kuti, "Kwoo!"

Nkhuku za kwa Zoila zinkagona mu mtengo wa mango. Dzuwa likapendeka, Zoila ankatsamiritsa mlongoti pa nthambi. Nkhuku zinkakwera imodziimodzi. Zikatha kukwera, Zoila ankachotsa mlongoti uja.

Thunthu la mtengo linali lokulungidwa ndi lata. Lata ndi loterera. Chilombo sichikwera pa lata.

Tsiku lina Pinta anakana kukwera. Anali m'dengu, m'khitchini. Anali atakhalira mazira ake. Anali phee.

"Ababa, Pinta akudwala!"

Ababa anasuzumira m'dengu muja. Anamwetulira.

"Sakudwala, mwanangu. Wayamba kufungatira."

Zoila anadumpha. Anavina. Anamuvinitsanso Tino.

"Anapiye akubwera, Tino! Anapiye akubwera!"

Koma Tino anayamba kudzikanda. Anakanda mkono. Anakanda mwendo. Anakanda ndi kumsana komwe.

Ababa anamuvula malaya.

"Utitiri uwu," anatero. "Ukuchokera m'dengu la Pinta. Pinta atuluke m'nyumba muno."

"Kunja, Ababa?"

"Usaope. Ndimukhomera nyumba yake."

Ababa anakhoma bokosi la matabwa. Anasiya mipata yoti Pinta azitulutsira mutu. Anaika chitseko. Anakhomera kamtengo pa msomali. Ukatembenuza kamtengoko, chitseko chatsekeka.

"Galu sangatsegule apa," anatero Ababa. "Nkhandwe singatsegule apa. Zilibe manja."

Anaika bokosilo pansi, kuseri kwa khitchini. Pinta analowa. Anakhaliranso mazira ake.

Madzulo Zoila anamuganizira Pinta. Bwanji akamva njala? Bwanji akamva ludzu? Anatenga tortiya imodzi n'kuinyemanyema. Tortiya ndi mkate wopyapyala wa ufa wa chimanga. Anathira madzi m'chikho. Anasiya zonsezo pakhomo pa bokosi.

"Ugone bwino, Pinta."

M'mawa Ababa anali atapita kale. Ankakama ng'ombe ku famu. Ankapita kusanache.

Zoila anathamangira kuseri. Pinta anali bwinobwino. Koma tortiya kunalibe. Madzi a m'chikho anali a matope. Pansi panali ponyowa.

Ndipo m'matopemo munali timanja. Timanja ting'onoting'ono. Tala tisanutisanu.

"Tino! Iwe Tino! Tabwera kuno!"

Tino anabwera akuyasamula. Anali wa zaka zinayi.

"Wadya chakudya cha Pinta, eti?"

"Ine ayi."

"Nanga timanja iti n'ta ndani?"

Tino anayang'ana timanja ta m'matope. Anayang'ananso manja ake. Anali a litsiro. Manja a Tino ankakhala a litsiro masiku onse.

"Wakuba iwe! Kubera ndi nkhuku yomwe!"

"Sindinabe! Tortiya za Ababa ine sindizifuna! Zimalimba ngati patapata!"

"Bodza!"

"Zoona!"

Tino anayamba kulira. Zoila anamumvera chisoni.

"Chabwino, tonthola. Sindikunenera kwa Ababa. Koma usadzayambirenso."

Zoila anatenga tsache. Anasesa timanja tonse. Sanauze munthu. Madzulo anasiya tortiya ziwiri.

Kunachanso. Kunali mphepo yambiri. Zoila anathamangira kuseri.

Anaima.

Kamtengo kaja kanali katatembenuka. Chitseko chinali pululu. Nthenga zinali mbwee. Mphepo inkaziulutsa pabwalo ponse.

"Pinta!"

Kunali zii.

"Pinta! Pinta!"

Anamupeza pansi pa mpanda. Anali atagona chammbali. Maso anali otseka. Zoila anamukhudza. Pinta anali wozizira.

Tino anabwera. Anagwira diresi la Zoila.

"Wagona?"

"Sanagone, Tino."

"Ndiye adzuke."

"Sadzukanso."

Zoila anakhala pansi. Anamuika Pinta pamiyendo. Analira. Analira mpaka mawu anatha.

Timanja tija tinali paliponse. Tinali pa chitseko. Tinali pa kamtengo. Tinali m'matope.

Tino anagwada. Anaika dzanja lake pambali pa kadzanja kamodzi.

"Taona, Zoila. Langa n'lalikulu."

Zoila anapukuta misozi. Anayang'anitsitsa. Kadzanjako kanali kakang'ono. Tala take tinali titalititali. Kumapeto kwa tala kunali zikhadabo.

"Si ine," anatero Tino.

"Si iwe. Pepa, Tino. Ndi mapache."

Mapache ndi nyama yotuwa. Msinkhu wake ndi wa galu wamng'ono. Mchira wake ndi wa mizeremizere. M'maso mwake ndi mwakuda bii, ngati wakuba wadzimanga nsalu kumaso. Amakhala kumtsinje. Amagwira nkhanu. Akapeza chakudya, amachiviika m'madzi.

Ndipo mapache ali ndi manja.

Zoila anasuzumira m'bokosi. Munali zikamba za mazira. Zikamba apa, zikamba apo. Anapisa dzanja m'udzu wa pakona. Anakhudza kanthu kosalala.

Dzira!

Anapisanso. Dzira lina! Anapisanso. Linanso!

Mazira atatu anali osasweka. Zoila anaika limodzi patsaya. Linali lofunda pang'ono. Pang'ono kwambiri.

Mphepo inkawomba. Mazira akazizira, anapiye amafera m'kati. Zoila ankadziwa zimenezo.

Anathamangira m'khitchini. Pafupi ndi moto panali chikho chachikulu. Ababa ankasiya tortiya m'menemo, zokulunga m'nsalu. Nsaluyo inali idakali yotentha.

Zoila anachotsa tortiya. Anakulunga mazira m'nsalu muja. Anafungata chikho pachifuwa.

Kenako anafunditsa Pinta ndi dengu.

"Tiye, Tino. Tikafune nkhuku yofungatira."

Anayamba ndi kwa aneba awo, a Don Fermin. Anawapeza m'dimba. Anali atagwira m'chiuno. Chimanga chinali chothyokathyoka. Mavwende anali obooka.

"Odi! Mwadzuka bwanji, Don Fermin?"

"Ndadzuka bwanji? Taonani mavwende anga! Mapache waboola onse. Wapisa dzanja, wadya za m'kati. Wandisiyira zigoba!"

"Kwathu wapha Pinta," anatero Tino.

Don Fermin anavula chipewa.

"Ayi, pepani, ana inu."

"Kodi muli ndi nkhuku yofungatira?" anafunsa Zoila.

"Ndatsala ndi tambala yekha, mwanangu. Tambala safungatira. Ngakhale umugwadire."

Zoila anakhudza nsalu ija. Inali itayamba kuzizira.

Anafika pa nyumba yachiwiri.

"Odi! Kodi muli ndi nkhuku yofungatira?"

"Zathu zikungoikira. Palibe yakhalira."

Anafika pa nyumba yachitatu.

"Odi! Kodi muli ndi nkhuku yofungatira?"

"Yathu inaswa kale. Pepani."

Tino anatopa. Anakhala pamwala.

"Miyendo ikuwawa."

"Dzuka, Tino."

"Ndili ndi njala."

"Dzuka, chonde. Mazira akuzizira."

Zoila anatulutsa mazira m'chikho. Anawaika m'kati mwa diresi, pamimba. Anawagwira ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja lina anamugwira Tino. Tino ananyamula chikho.

Anawoloka mtsinje. Mtsinjewo unali utauma. Munali miyala yokhayokha. Munalibe madzi. Munalibe nkhanu.

Kutsidya kunali nyumba ya mayi ena achikulire, a Donya Chila. Anawapeza akuyanika zovala. Mphepo inkawalanda nsalu m'manja.

"Odi!"

"Ee, ana a Eliseo! Mwanditengera chiyani m'chikhomo? Tortiya za bambo anu? Bwererani nazo. Mano anga ndimawakonda."

Zoila sanaseke. Donya Chila anaona misozi. Anasiya zovala.

"Chachitika n'chiyani, mwana iwe?"

Zoila anafotokoza. Anafotokoza za Pinta. Anafotokoza za Amayi. Anatulutsa mazira atatu aja.

"Kodi muli ndi nkhuku yofungatira?"

"Nkhuku ndilibe."

Zoila anazyolika.

"Koma tabwera. Udzaone chitsiru changa."

Kuseri kwa nyumba kunali nkhukundembo. Inali yaikulu. Inali yakuda. Inali itakhala phee m'mbiya yosweka.

"Uyu ndi Tomasa," anatero Donya Chila. "Mazira ake anadyedwa ndi mapache yemweyo. Koma iye sakuchoka. Taonani zimene wakhalira."

Anamutukula Tomasa pang'ono. Pansi pake panali miyala iwiri. Panalinso ndimu.

"Ndimu!" anafuula Tino. "Aswa ndimu?"

"Akuyesa. Ndamuuza, sakumva. Mutu ngati wa malemu amuna anga."

Donya Chila anatenga dzira limodzi. Analiika patsaya. Anatsinzina.

"Mmm. Moto watsalamo pang'ono. Mwina. Sindikulonjeza."

Anachotsa miyala. Anachotsa ndimu. Anaika mazira atatu aja.

Tomasa anafufuma. Anatambasula khosi. Anayang'ana mazira ndi diso limodzi. Anayang'ananso ndi diso lina.

Kenako Tomasa anaweramitsa mutu. Anakoka dzira ndi mlomo. Analilowetsa pansi pa phiko. Anakoka lachiwiri. Anakoka lachitatu. Anakhala phee.

"Wawalandira," ananong'ona Zoila.

"Wawalandira. Koma kuno sagona. Mapache wazolowera pakhomo pano. Bambo ako amange malo abwino. Madzulo mudzamutenge."

"Zikomo, Donya Chila."

"Mwambo ukuudziwa. Mazira ndi ako. Mayi ndi wanga. Akaswa, tigawana pakati."

"Tigawana pakati," anavomera Zoila.

Ababa anabwera masana. Anaona nthenga. Anaona bokosi. Anavundukula dengu.

"Ababa," anatero Zoila. "Timanja ndinationa dzulo. Ndimayesa ndi Tino. Ndinasesa."

Ababa anagwada. Anamugwira mapewa.

"Nanga kamtengo anakhoma ndani? Ine. Ndinaganiza za galu. Ndinaganiza za nkhandwe. Za manja sindinaganize."

"Ndinasiyanso tortiya pakhomo pake."

"Zimenezo ndiye zinamuitana. Mtsinje wauma. Nkhanu kulibe. Njala yamukwezera kuno."

Anakumba kadzenje pansi pa mtengo wa malalanje. Anamuika Pinta. Tino anaponyamo chimanga pang'ono.

"Akadye," anatero.

Zoila anakwirira yekha. Dothi linali louma. Misozi inadonthera pomwepo.

Don Fermin anasuzumira pa mpanda.

"Eliseo, mapache ameneyu tingomuthirira mankhwala basi. Afe!"

Ababa anapukusa mutu.

"Mankhwala sasankha, achimwene. Adya galu wanu. Zidya nkhuku. Ndipo uyu amatola chilichonse n'kuika m'kamwa."

Analoza Tino. Tino anali akutafuna udzu.

"Ndiye titani?"

"Timutsekere njira. Akapanda kupeza kanthu, apita yekha."

Ababa anazika mzati umodzi pakati pa bwalo. Unali wautali kuposa iwo. Anaukulunga ndi lata. Anakhomera bokosi pamwamba pake. Anatseka mipata yonse ndi sefa ya waya.

Anazula kamtengo kaja n'kukaponya pamoto. Anaika chitsulo chotsekera. Anachimanganso ndi waya wopotapota.

"Tino, tayesa kutsegula."

Ababa anamunyamula. Tino anakoka. Anapotokola. Analuma ndi mano omwe.

"Chakana!"

"Chikakana Tino, chakana mapache," anatero Ababa.

Panali nthambi ya mango yoweramira pa bokosi. Ababa anaidula ndi chikwanje. Zoila anasesa bwalo lonse. Anatola makoko a nthochi. Anatola njere za chimanga. Anathira zonse mu mgolo. Anavindikira. Ababa anaika chimwala pamwamba.

Dzuwa likulowa, anapita kukatenga Tomasa. Ababa ananyamula Tomasa. Zoila ananyamula mazira. Anakwera makwerero. Anaika mazira m'udzu watsopano. Tomasa anawakhalira.

Zoila anatsika. Anachotsa makwerero.

Atatembenuka, anamuona.

Anali pamwamba pa mpanda. Anali wotuwa. Anali wowonda, nthiti zili poyera. Maso ake anali m'kati mwa mdima wa kumaso kwake. Ankamuyang'ana Zoila. Timanja take tinagwira mtengo wa mpanda.

"Choka!" anakuwa Zoila. "Choka! Wapha Pinta wanga!"

Mapache anatsika mwakachetechete. Mchira wa mizeremizere unalowa m'tchire.

Zoila anathamangira kwa Ababa. Ababa anamunyamula ngati khanda. Analowa naye m'nyumba.

Kutacha, Zoila ankaopa kutuluka. Anaima pakhomo. Anatsinzina.

"Tino, pita ukaone."

Tino anathamanga. Kenako anayamba kuseka.

"Zoila! Bwera! Wagwa!"

Zoila anatsegula maso. Chitseko cha bokosi chinali chotseka. Tomasa anali m'kati, ali phee.

Pa lata panali timanja ta matope. Tinakwera pang'ono. Kenako panali mizere italiitali yotsika pansi.

"Anakwera," anatero Tino. "Anaterereka. Phi! Matako pansi!"

Anadzigwetsa pansi kusonyeza. Zoila anaseka pang'ono. Kenako anayang'ana ku mtengo wa malalanje. Kuseka kunatha.

Tsiku lotsatira panalinso timanja. Tsiku linalo panali tochepa. Kenako lata linakhala loyera. Mapache sanapeze tortiya. Sanapeze makoko. Sanapeze njira. Anasiya kubwera.

M'mawa uliwonse Zoila ankaika makwerero. Ankamasula waya. Tomasa ankatsika. Ankadya, ankamwa, ankakweranso. Madzulo aliwonse Zoila ankapota waya. Ankachotsa makwerero. Ankasesa bwalo.

Lamulungu, foni ya Ababa inalira.

"Ndi Amayi!" anafuula Tino.

Zoila anabwerera m'mbuyo. Amayi afunsa za Pinta. Adzayankha chiyani?

"Zoila, bwera ulankhule ndi amayi ako," anaitana Ababa.

Koma Zoila anathawa. Anatsikira kumtsinje wouma. Anakhala pamwala. Anakhala mpaka dzuwa linapendeka.

Lamulungu lina foni inaliranso. Zoila anathawanso. Ankawasowa Amayi. Ankawasowa kwambiri. Koma mawu ankamukanika.

Tsiku lina Tomasa anakankhira dzira limodzi kunja kwa udzu. Zoila analibwezera. Tomasa analikankhanso.

Ababa analitenga. Analigwedeza pafupi ndi khutu.

"Ili lasukusa, mwanangu."

"Muli mwanapiye?"

"Mulibe. Linazizira kwambiri."

"Nanga awiriwa?"

"Sindikudziwa. Tidikire."

Madzulo amenewo Zoila sanadye. Mpunga ndi nyemba zinangozizira m'mbale.

Anadikira. Mphepo inkawomba. Anadikirabe. Masiku anali aatali.

M'mawa wina anakwera makwerero. Anamasula waya. Tomasa sanatsike.

"Tsika, Tomasa. Ukadye."

Tomasa anafufuma. Sanasunthe.

Ndiye Zoila anamva kamawu. Kanali kakang'ono kwambiri.

"Piyo."

Zoila anatchera khutu.

"Piyo. Piyo."

Pansi pa phiko lakuda panatuluka kamutu kachikasu. Pambali pake panatuluka kena.

"Ababa! Tino!"

Ababa anali ku famu. Koma Tino anabwera. Don Fermin anamva kukuwa, anabwera. Tino anathamanga kukaitana Donya Chila.

Donya Chila anakwera makwerero akubuula.

"Mayo, mawondo anga! Tiyeni tione. Awiri! Tomasa, chitsiru iwe, wakhoza!"

"Mmodzi ndi wanu," anatero Zoila. Mawu ake anatsika. "Mumutenga lero?"

"Lero? Ndikamudyetse chiyani, mabere? Akule kaye ndi mnzake. Akadzamera nthenga, ndidzabwera."

Nyengo ya khofi inatha. Tsiku lina basi inaima pamsewu. Amayi anatsika ndi chikwama. Anali ataonda. Nkhope inali itapsa ndi dzuwa.

"Amayi! Amayi!"

Tino anathamanga. Anawadumphira. Ababa analandira chikwama.

Zoila anatsala pakhomo. Anayang'ana pansi.

"Zoila," anaitana Amayi. "Sundilandira?"

Zoila anayenda pang'onopang'ono. Anaima patsogolo pawo.

"Amayi, Pinta kulibe."

Amayi anagwada. Anamukokera pachifuwa.

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Mukudziwa?"

"Tino anandiuza pa foni. Uyu chinsinsi sachidziwa."

"Ndinangonena pang'ono," anatero Tino.

"Ndinalira m'munda wa khofi," anatero Amayi. "Anzanga ankayesa ndalumidwa ndi mavu. Koma sindinkalirira Pinta yekha. Ndinkalirira mawu ako. Lamulungu lililonse ndinkawadikira."

Zoila analira. Amayi analira. Ababa anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndinati ambirimbiri," anatero Zoila. "Koma ndi awiri okha. Ndipo mmodzi si wathu."

"Ali kuti? Ndionetse."

Kuseri kwa khitchini kunatulukira Tomasa. Ankayenda monyada, khosi lili m'mwamba. Pansi pake panali tianapiye tiwiri. Tinkathamanga pakati pa miyendo yake yaitali.

"Piyo! Piyo! Piyo!"

Amayi anagwira pakamwa.

"Mayi wamkulu chonchi! Ana ang'ono chonchi!"

Anatambasula dzanja. Tomasa anafufuma. Anawajompha chala.

"Mayo! Pakhomo panga pomwe?"

"Sakukudziwani, Amayi," anatero Zoila. "Khalani pansi. Ine amandilola."

Amayi anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Ababa anakhala pambali pawo. Tino anakwera pamiyendo ya Ababa.

Zoila anamusisita Tomasa pakhosi. Anatola mwanapiye mmodzi. Anamuika m'manja mwa Amayi.

Manja a Amayi anali okhakhala. Anali ong'ambikang'ambika ndi khofi. Koma anali ofunda. Mwanapiye anazungulira. Anajompha chala pang'ono. Anakhala. Anatsinzina diso limodzi. Anatsinzina lina.

"Amayi, mwatibweretsera chiyani?" anafunsa Tino.

"Shii," ananong'ona Amayi. "Wagona."

Zoila anatsamira paphewa la Amayi. Onse anakhala chete. Ndi Tino yemwe.